Mtsinje Utasamukira kwa Amake Dalitso

Ndikamva fungo la dothi lofiira longogumuka kumene, ndimaona agogo anga aamuna ataima pamwala, khasu lili paphewa, akuyang'ana pamene panali dimba lathu.

Tinkakhala cha ku Shikabeta, kumunsi kwa chigwa chopanikizika pakati pa mapiri awiri, pomwe kamtsinje kankatulukira n'kudutsa m'dimba la agogo. Madziwo iwo ankawayesa awoawo. Chilimwe china, ine ndikuthirira repu, kunabwera amake Dalitso, mayi wamasiye amene anali atangosamukira kwathu kuchokera ku Petauke, ndowa ili m'manja.

"Madzi a pano ali ndi eni ake," anatero agogo. "Kazitungani komwe munachokera."

Mayiwo anangoti, "Zikomo, ba shikulu," monga timaitanira agogo aamuna kwathuko, n'kubwerera ndi ndowa youma.

Chivomezi chinabwera masana m'dzinja, nthaka itakhuta mvula. Mbale zinagwa pathandala, nkhuku zinabalalika, kenaka kuphiri kunamveka mkokomo ngati wa malole otsetsereka pamsewu waukulu. Mbali yonse ya phiri inatsika, mitengo yake ili chiimire, n'kutseka chigwa. Palibe anafa. Koma dimba lathu linakwiririka ndi miyala ikuluikulu ngati nkhokwe, ndipo madzi atadzaza kuseri kwa miyalayo anaboola njira ina, yodzera m'munda wa amake Dalitso.

Mvula itatha tinasowa potunga. Agogo sanatume munthu. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, nanyamula ndowa okha, ine ndikutsatira pambuyo. Atafika kwa amake Dalitso anavula chipewa, naima chowerama, ndowa ili m'manja. Ndinali ndisanawaonepo atachepa choncho. Ndinazyolika, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Tungani chakumtundaku, ba shikulu," anatero amake Dalitso. "Kumunsiko ana avundula."

Anatilozeranso malo m'mbali mwa madzi oti tibzalepo ndiwo.

Pobwerera agogo anaima panjira, natula ndowa. "Mawu aja ndinanena chilimwe chatha unawamva. Pakamwa pako asadzatulukepo."

Analima pamalo anatilozera paja mpaka imfa yawo, koma ankapitako mayiwo akakhala kuti achokapo. Tomato woyamba kupsa ankamusiya pakhomo pa mayiwo osaodira.

Lero ndimakhala ku Lusaka, ndipo pakhomo panga pali mpopi. Madzi akavuta m'komboni, anthu amabwera ndi zigubu. Geti ndimatsegula msanga, koma akayamba kuthokoza ndimalephera kuwayang'ana kumaso.