Tonde wa Makutu Athunthu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinagulitsa mbuzi koyamba, ndipo ndinaigulitsa molakwika. Nkhaniyi yandibwerera sabata yathayi ndili kuntchito. Ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Santry, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo pa break ya masana mnzanga Sarita, wa ku Nepal, anali pafoni kukangana ndi mchimwene wake m'chinenero chawo. Atamaliza anandiuza kuti kwawo kukubwera chikondwerero chachikulu cha Ahindu chotchedwa Dashain, pamene banja lililonse lomwe lingathe limapha mbuzi yopereka nsembe. Mbuzi chaka chino zakwera mtengo, moti iye akufunika kutenga mashifiti owonjezera kuti atumize ndalama. Ndinamuuza kuti chikondwererocho ndimachidziwa kuyambira ndili mwana. Anayesa ndikumuseka.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Chaka chimenecho ankamanga mlatho pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi wathu, ndipo pakampu ya omanga mlathowo panali azibambo khumi a ku Nepal, ena owotcherera zitsulo, ena oyendetsa makina. Ife za Nepal sitinkazidziwa. Tinkangoti Amwenye, ndipo m'mitu mwathu Mmwenye aliyense anali ndi sitolo ku Limbe ndi ndalama zosowa poika.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, wophika wa pakampupo anayamba kuzungulira m'midzi kufuna mbuzi. Dzina lake anali a Thapa, bambo wamfupi wa imvi, amene ankalankhula Chichewa chodukaduka koma chomveka. Sankafuna mbuzi wamba. Ankafuna tonde wosafula, wopanda bala kapena chilema chilichonse, ndipo makutu ake akhale athunthu. Apo ndiye panagona vuto. Kwathu mbuzi ikangobadwa mwini wake amaidula pang'ono kukhutu, aliyense kadulidwe kake, kuti ikasokera idziwike kuti ndi ya ndani. A Thapa ankafika pakhola, n'kugwira khutu, n'kupukusa mutu. Anthu ankawaseka n'kumafunsana ngati kwawoko amadya makutu okha.

Ife tinali ndi mbuzi zinayi zomwe bambo anatisiyira pomwalira kumayambiriro kwa chakacho, ndipo imodzi inali tonde wakuda. Mayi wake anafa iye ali ndi masiku ochepa, ndiye ndinamulera ndine, ndi phala la madzimadzi la m'botolo. Tsiku limene amalume anabwera ndi mpeni kudzadula ana a mbuzi makutu, ndinamubisa kuseri kwa nkhokwe ndi kunama kuti wasowa. Ndinadya nazo zikoti ziwiri zitadziwika, koma amalume sanabwerenso ndi mpeni wawo, ndipo tonde anakula ndi makutu ake onse.

A Thapa anandipeza kudambo ndikudyetsa mbuzi. Anamuyang'ana tondeyo makutu, mano, ziboda, mpaka kunsi kwa mimba. Kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anandiuza kuti ndikafunse amayi mtengo, ndipo ndibwere ndi tondeyo kukampu mawa lake.

Amayi anali ndi khanda la miyezi iwiri, sakanatha kuyenda mtunda umenewo. Anati ndikanene five thousand, poti tondeyo anali wamkulu ndi wonenepa, pamene mbuzi zina zinkapita pa four. Ndalamayo inali ya feteleza. Mvula inali pafupi, ndipo tonse tinkadziwa kuti five thousand ingokwanira theka la munda. Theka linalo likanadalira manyowa ndi mapemphero.

M'mawa ndinamanga tonde chingwe m'khosi n'kunyamuka. Ndinali ndisanapitirire mitengo ya mango ya kumapeto kwa mudzi pamene amalume ananditsekera njira. Anali atamva kale. Anandifunsa mtengo womwe amayi anena, ndipo nditawauza anagwira pakamwa. Anati amayi anga ndi ofatsa mopitirira muyeso. Anandiwerengera pa zala: chikondwerero cha anthuwo chatsala masiku awiri, mbuzi ina ya makutu athunthu kulibe dera lonse lino, ndipo Amwenye ndalama sawerenga.

"Ukanene fifteen," anatero. "Akadandaula, ungotembenuka ndi mbuzi yako ngati ukubwerera. Akuitana okha."

Ndinaona munda wathu wonse uli wobiriwira. Ndinaonanso nkhope ya amayi ikundiyang'ana ngati munthu wamkulu. Kunena zoona, chachiwirichi ndi chimene chinandikoka kwambiri.

Kampu ndinali ndisanailowepo. Ndinkayembekeza mipando ya khushoni ndi mafiriji. Ndinapeza nyumba imodzi yaitali ya malata okhaokha, yotentha ngati uvuni, mabedi khumi atandandalikana, zovala zili pa chingwe. Munkamveka fungo la dizilo ndi la zokometsera ndiwo zimene sindinkazidziwa. Pakona panali beseni lovundikira, ndipo mmodzi atalivundukula kuti athirire ndinaona timbewu ta chimanga tachikasu tomera mumdima. Azibambowo anamuzungulira tonde akumwetulira, wina n'kumusisita pamsana, wina n'kumupatsa masamba a kabichi.

A Thapa anandifunsa mtengo. Ndinati fifteen thousand, maso ali pansi.

Kumwetulira kuja kunatha. Anandifunsanso, poganiza kuti sanamve bwino, ndipo ndinabwereza. Anayesa kundinyengerera kuti nditsitseko. Ndinachita monga amalume anandiphunzitsira: ndinakoka chingwe n'kutembenukira kuchipata. Ndisanaponde kachitatu anandiitana.

A Thapa anatenga chipewa n'kuchiyendetsa. Aliyense anapisa m'thumba, ena anapita kukafufuza pansi pa matiresi. Sizinakwane. Anayankhulana motsitsa mawu kwa nthawi yaitali, ine nditaima padzuwa. Kenako wamng'ono mwa onsewo, dzina lake Ram, anatulutsa envelopu m'chikwama chake, yolembedwa kale pamwamba, n'kuing'amba. A Thapa anamugwira dzanja kumuletsa, koma iye anakana, n'kuponya zomwe zinali mkatimo m'chipewa muja. A Thapa anandipatsa ndalamazo. Palibe amene anandikalipira. Tonde ndinamusiya akutafuna kabichi, sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinathamanga njira yonse. Amayi ndinawapeza pakhonde akuyamwitsa, ndipo ndinawatulira ndalama pamiyendo ngati mlenje. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa kuti zachuluka chonchi bwanji, ndipo ndinafotokoza zonse monyadira, mpaka za kutembenuka kuja. Ndinkadikira kuti aseke.

"Tiyamike," anatero, "kumapazi anavala chiyani anthuwo?"

Ndinaganiza kaye. Ndinati ena majombo a kuntchito, ena mapatapata.

"Atsopano?"

Ndinakumbukira kuti a Thapa patapata lawo limodzi linali lomanga ndi waya. Ndinanena.

"Ndiye olemera akowo?"

Sanandimenye. Zikanakhala bwino akanandimenya, chifukwa zikoti zimatha msanga. Anapatula five thousand n'kuika m'kachitini, zotsalazo anamanga pa kansalu n'kundipatsa. Anati ndibwerere nthawi yomweyo, ndipo ndikanene ndi pakamwa panga kuti ndinanama mtengo. Ndisakanene kuti amayi asintha maganizo, ndisakatchulenso amalume, poti amene anatsegula pakamwa kukampu kuja ndi ine.

Amalume anafika ndisananyamuke, atabwera kudzamva zotsatira. Atamva anakwiya kwambiri. Anati mlongo wawo akutaya chakudya cha ana chifukwa cha anthu amene mlatho ukatha sadzawaonanso. Anati anthuwo avomera okha, palibe anawaloza mpeni. Amayi anawasiya alankhule mpaka atope, akusisita khanda pamsana. Kenako anayankha mofatsa kuti anthuwo sanavomere mtengo, anangosowa kolowera, ndipo iwo sangathire m'munda mwawo feteleza wogula motero. Anamaliza ndi kuti mbuziyo ndi ya ana awo. Amalume anachoka osatsanzika, ndipo anatha mwezi osaponda pakhomo pathu.

Njira yobwerera inatalika kuposa m'mawa. Mchenga unkawotcha kumapazi, ndipo ndinkalira ndi mkwiyo, osati chisoni. Ndinaganizapo zokwirira kansalu kaja pansi pa mtengo n'kukanama kuti ndapereka. Chimene chinandiletsa si ubwino wa mtima ayi. Ndinkadziwa kuti amayi adzafunsa a Thapa tsiku lina.

Nditafika ndinagwada pakhomo la khitchini monga timachitira kwa akuluakulu, n'kutambasula manja ndi kansaluko. A Thapa anadzidzimuka. Anayesa ndabwera kudzatenga mbuzi, ndipo anayamba kundichonderera kuti tagwirizana kale. Zinatenga nthawi kuti amve zomwe ndinkanena. Ndinati mtengo wa amayi unali five, winawo ndinaonjeza ndine.

A Thapa anakhala pa chidebe. Anamasula kansalu, n'kuitana Ram, n'kumupatsa zake poyamba. Ndi pamene anandiuza kuti envelopu ija inali yopita kwa mkazi wa Ram, kuti ana ake awiri agulidwe zovala zatsopano za chikondwerero, monga amachitira ana onse kwawo. Ram sankadziwa Chichewa. Anangoika manja pamodzi pachifuwa n'kuweramitsa mutu, ndipo ine ndinasowa poyang'ana. A Thapa anandipatsa tiyi wamkaka wonunkhira zachilendo, ndipo ndinamwa ndikusisima.

Tsiku lopha tonde sindinapiteko. Koma patapita masiku awiri a Thapa anatumiza uthenga woti amayi ndi ine tifike. Amayi anabereka khanda, tinayenda pang'onopang'ono, tikupuma m'mithunzi. Tinapeza azibambo aja atavala malaya oyera, aliyense ali ndi mpunga wofiira womata pamphumi ndi timbewu tachikasu tija kuseri kwa khutu. A Thapa, poti anali wamkulu pa onse, ndi amene ankawamata anzawo. Atamaliza anapempha amayi ngati angandimateko inenso.

Amayi anali a kwaya kutchalitchi, sankachita zinthu mwachisawawa. Anafunsa kuti tanthauzo lake n'chiyani. A Thapa anati ndi dalitso limene akulu amapereka kwa ana tsiku limeneli, ndipo iwo ali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wanga amene chaka chachitatu tsopano akumatidwa ndi anthu ena. Amayi anandikankha pang'ono pamsana kuti ndipite. Mpungawo unali wozizira pamphumi.

Anatipatsanso nyama m'mbale. Amayi anathokoza kwambiri koma anati nyama ya nsembe sangadye, ndipo a Thapa sanakhumudwe. Anatikulungira ina yowamba kuti tikapatse amene angafune. Amayi anaitumiza kwa amalume, amene anailandira osafunsa kuti yachokera kuti. Pobwerera anandisiya ndi mpunga wanga pamphumi njira yonse, mpaka pakamtsinje ka pafupi ndi mudzi. Apo ananyowetsa nsonga ya chitenje n'kundipukuta bwinobwino, kuti a kwaya anzawo asapeze nkhani.

Sindinganame kuti zitatero tinalemera. Feteleza anakwanira theka la munda monga tinkadziwira, ndipo theka linalo chimanga chinali chofika m'chiuno. Mwezi wa Febuluwale tinadya kamodzi patsiku. Kwa zaka zingapo ndinkaona kuti amalume ankanena zoona, ndipo amayi anachita zinthu mopusa.

Ndinadzamvetsa nditafika kuno. Chaka choyamba, ndikukhala ku hostel ndi mwana wakhanda, ndinalipirapo mayi wina twenty euro pa kapaketi ka chimera, ndalama yomwe inali ya basi sabata yonse. Sindinali nazo zambiri. Ndinkangofuna kuti tsiku la Khrisimasi mkamwa mwanga mumveke kwathu. Munthu akakhala kutali, zinthu zina salipira chifukwa ali ndi ndalama, amalipira chifukwa popanda chinthucho tsikulo likhala ngati Lachiwiri wamba. Amayi sanatulukepo m'boma la Ntcheu, koma ankazidziwa zimenezi, ndipo anakana kuika mtengo pa kupukwa kwa munthu.

Pano ku Balbriggan kumene ndimakhala, ndimaphika thobwa Loweruka ndikakhala off, ndipo Amalawi ndi a ku Zambia amabwera kudzagula, ena mpaka kuchokera ku Blanchardstown. Wina wophika thobwa mbali ino kulibe. Disembala yathayi kunabwera mtsikana wongofika kumene, atavala jekete yopyapyala kunja kukuzizira koopsa. Ankafuna botolo lalikulu la tsiku la ubatizo wa mwana wake. Asanakhale n'komwe pansi anati ndingonena mtengo uliwonse, alipira. Ndinamuuza ten euro, monga mwezi wina uliwonse, n'kumuthirira kapu kuti amwe akudikira sitima yake.

Atachoka, mwana wanga Limbikani, amene ali ndi zaka eight ndipo amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, anadzutsa mutu pa homework yake.

"Mammy, she would've paid more."

Ndinamuuza kuti n'zoona, akanalipira. N'chifukwa chake sindinakweze.