Mtima wolakwika pa foni ya namwino

Telala wa m'chipinda chakumapeto kwa khonde anabereka ana anayi. Womaliza ankamuyamwitsa phazi lili pa makina osokera, ulusi uli kukamwa. Anthu ankamutama kuti ndi mkazi wolimba, mawu amene amapepukitsa owanena, chifukwa wolimba safuna womupatsa dzanja.

Mng'ono wake atachira mwana woyamba, anabwera ndi mwamuna wake kudzakhala naye. Pamkono anavala kachipangizo konga wotchi kamene anamupatsa kuchipatala. Kankayeza kugunda kwa mtima, thukuta ndi tulo, ndipo nkhawa ikakwera uthenga unkapita pa foni ya namwino. Kakangonjenjemera, nyumba yonse inkaimika ntchito. Alamu ankathamanga ndi madzi akumwa, ana ankatsitsa wailesi, telala n'kulandira khanda, diresi la mkwatibwi lili chikhalire losapinda m'munsi.

"Achemwali, kakuti ndipume," ankatero mng'onoyo.

"Pumani, adona. Ifetu mitima yathu ndi yathabwa."

Lachinayi masana mng'onoyo anakavula popita kosamba, n'kukasiya pa tebulo lodulirapo nsalu, pafupi ndi choko. Telala anakayang'anitsitsa. Kuba sikunali m'mutu mwake. Ankangofuna kudziwa ngati kamamva mtima wa munthu aliyense kapena wa okondedwa okha. Anakamanga pamkono, nasoka mizere ingapo, ndipo atamva chitseko cha kubafa anakabwezera pamalo pake.

Posakhalitsa foni ya mng'onoyo inalira. Anali namwino, ndipo mawu ake ankamveka chipinda chonse.

"Mayi, manambala awa sindinawaonepo chikupatsireni kachipangizoka. Bwerani lero lomwe. Mutenge ndi zovala, mwina tikugonekani."

Alamu anagwira chikwama, nayamba kulongedzamo zovala. Ana anazimitsa wailesi popanda wowauza. Telala anaona zonsezi ndipo, kunena zoona, zinamukomera: nyumba yonse inali kuthamangira mtima wake, ngakhale inkautchula dzina la wina. Akanatha kusunga pakamwa. Koma mng'ono wake anali atakhala pansi, tsitsi likudontha madzi, akufunsa ngati kuwodi amalola kugona ndi khanda.

Telala analanda foniyo.

"Anamwino, musamuvutitse mwanayu. Mtimawo ndi wanga. Ndinangokayesa."

"Inu ndinu ndani?"

"Mkulu wake."

"Ndinu oyembekezera?"

"Womaliza wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

Alamu anaphulika kuseka, akutulutsa zovala m'chikwama. "Alamu, mukanangonena, tikanakugulirani wotchi yapulasitiki ya ana!"

Telala anatembenukira kukhoma, natsitsa mawu. "Kodi manambalawo anafika pati? Akutanthauza chiyani?"

"Sindinganene za munthu amene sali m'kaundula wathu," anatero namwino mwaulemu. "Musadandaule, ndizifufuta kuti zisasokoneze za mng'ono wanu."

Ndipo anazifufutadi, telala foni idakali kukhutu.