Wilson ndi dzina la loji

Wilson Kalemba anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pa loji ina yaing'ono ku Senga Bay. Anayamba ndi kuperekera zakudya, koma mwini lojiyo, mayi Thandiwe Nkhoma, ataona kuti kompyuta amaitha, anamuika polandirira alendo.

Tsiku lina mayiwo anamuuza kuti masiku ano alendo amafufuza malo ogona pa intaneti, choncho lojiyo ilembetse dzina lake kumeneko. Wilson anatha sabata yathunthu akuyerekeza makampani olembetsa mayina. Ina inali yakunja, yotchipa chaka choyamba, koma inkafuna khadi ya kubanki. Ina inali ya ku Lilongwe, yolipira pafoni, ndipo ukaimba ankayankha ndi munthu. Anasankha ya ku Lilongwe, n'kulembetsa ndi imelo yake, poti mayi Nkhoma analibe. Kuyambira apo, Malichi aliyense ankawonjezera chaka kuti dzinalo lisatsekedwe. Sanaphonyepo.

Chaka chomwe nyanja inakwera, madzi anayamba ndi kumeza mchenga, kenaka kapinga, mpaka analowa m'zipinda zonse. Sanabwere ndi mkokomo, ankangosendera tsiku ndi tsiku. Antchito anauzidwa kuti akadikire kwawo. Wilson anadikira miyezi isanu ndi iwiri. Ankadzuka, kusamba, n'kukhala pakhonde mpaka mkazi wake amuitane.

Kenaka mayi Nkhoma anaimba foni.

"A Kalemba, ndagulitsa."

"Loji?"

"Nyumba zija palibe akuzifuna. Ndagulitsa dzina. Pali bambo wina akumanga yake kumtunda, akuti dzina lathu ndi lomwe alendo akulidziwa. Zonse zili m'manja mwanu, muwathandize kusamutsa."

"Chabwino, mayi."

Wogulayo anatuma mayi wina wodziwa za makompyuta, dzina lake Shukuru. Anakumana ku boma la Salima, m'kanyumba kodyera pafupi ndi depoti. Shukuru anafotokoza kuti akufuna dzinalo lichoke ku kampani ya ku Lilongwe ija, lipite komwe abwana ake amasungitsa mayina awo ena. Anamukankhira laputopu. Zala za Wilson zinalemba zokha mawu achinsinsi. Anachotsa loko wa dzinalo, n'kupempha nambala yosamutsira. Itafika pafoni yake, anaiwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi, Shukuru akulemba.

"Bambo, zakukhumudwitsani?" anafunsa Shukuru.

"Ayi."

"Ena zimawapweteka, dzina loti alisamala nthawi yaitali."

Wilson anadzifufuza mumtima, osapezamo kanthu. Zinali ngati kugwira mwendo womwe wachita dzanzi. Anamaliza tiyi wake, ngakhale anali atazizira, n'kufunsa ngati pali china chofunika.

"Mulandira imelo yofunsa ngati mukuvomereza. Mukangovomera basi."

Imeloyo inamupeza ali pamzere kuchigayo. Munali mawu awiri oti asankhepo, kuvomera kapena kukana. Anadina povomera, n'kubwezera foni m'thumba, chifukwa wa patsogolo pake anali atasuntha kale thumba lake.

Pano Wilson amagulitsa simenti ndi misomali m'shopu ya mlamu wake ku Kamuzu Road. Salankhulalankhula, koma makasitomala amati ndi munthu waulemu. Tsiku lina mnzake wakale wa kukhitchini ya kuloji anabwera kudzagula penti, n'kumuuza kuti loji yatsopano ija ikulemba anthu ntchito, bwanji osakayesa.

"Ndamva," anatero Wilson. "Penti mukufuna yamadzi kapena yamafuta?"