Dokotala wa Laputopu Yanga

Anzanga, ndinakumana naye tsiku lomwe laputopu yanga inakana kuyaka. Ine ndimajambula mapulani a nyumba, ndiye laputopu ikafa, nanenso ndafa. Ndinadina batani, sikirini ili bii, iyo ikungolira tii... tii... tii...

Ndinathamangira ku kashopu kena kapansi pa masitepe, kodzaza ndi mawaya ndi makompyuta afumbi. Mnyamata wokonzayo anali atapanira screwdriver kukhutu ngati kalipentala ndi pensulo yake.

"Mwaigwetsa?" anafunsa.

"Ayi."

"Mwaimwetsa tiyi?"

"Achimwene, ndikuoneka ngati mwana?"

Anaseka. "Odwala onse amakana choncho. Khalani apa muzionerera, mawa musadzalirenso."

Anayamba kundiphunzitsa. "Choyamba onani chaja, kagetsi kake kakuyaka? Kenako chotsani batire, mudine batani osalisiya kwa kanthawi. Ikakanabe, mvetserani kulira kwake. Kulira uku ndi kwa RAM, kachidutswa kobiriwira aka. Popanda aka kompyuta siyaka."

Anakazula, kukapukuta ndi labala, n'kukabwezera. Sikirini ija waa!

"Dokotala!" ndinakuwa. Dzina linakhala lomwelo.

Laputopu ndinapita nayo kunyumba, koma mtima unatsala m'shopu muja. Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe". Madzulo ankandiperekeza atandinyamulira chikwama, akundiseka kuti nyumba zomwe ndimajambula zimachuluka zitseko ngati mwini wake akufuna kuthawa. Ndinkamukonda, anzanga, sindibisa.

Koma laputopu ija inayamba kakhalidwe kachilendo. Ndikatanganidwa ndi ntchito osamuimbira, iye n'kubwera kudzandiona, mawa lake basi tii... tii... tii... Ndikangomuimbira ankafika msangamsanga, kutsegula kumbuyo, yayaka.

Asisi anga, omwe ndimakhala nawo, anandiyang'ana cham'mbali. "Mng'ono wanga, matenda anji odziwa dokotala mmodzi yekha?"

"Asisi, nsanje basi!"

Kenako kampani ina yakutali inandiitana ku interview ya pa video. Anati ndidzatsegule mapulani anga, ndijambule iwo akuonerera. Ntchito imeneyi ndinkailota ndili kusukulu. Nditamuuza Dokotala, anandifunsa:

"Ukapambana upita?"

"Nanga ndikhale?"

"Aaa... congrats, babe."

Dzulo lake la interview anabwera kunyumba. "Bwera nayo ndiichotse fumbi, mawa isakuchititse manyazi." Ndinamusiya nayo pabalaza, ine ndikusita bulauzi kuchipinda. Pochoka anati ndisaiyatse, ipume. Ndinamvera.

M'mawa ndavala, ndadzola, ndadina batani. Tii... tii... tii...

Ndinamuimbira, foni yozima. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinayamba kutsata zomwe anandiphunzitsa zija. Chaja, kagetsi kakuyaka. Batire ndinachotsa, batani ndinadina mpaka chala kuwawa. Palibe chosintha. Asisi anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi kampeni, tinamasula tizitsulo ta kumbuyo.

Anzanga, pamalo pa RAM panali pululu. Kachidutswa kaja kanalibepo!

Mutu unaima. Ndinagwada n'kuyamba kusuzumira pansi pa tebulo, pansi pa mpando, ngati RAM ili ndi miyendo. Asisi anangondiyang'ana cham'mbali.

Ndinaimbira a kampani aja pafoni kuwachonderera. Mayi yemwe anayankha anati pepani, popanda kujambula sizitheka, ndipo pali ena akudikira. Ntchito inapita ine nditavala bulauzi yanga yosita bwino.

Dokotala anafika masana, thukuta lili kamukamu.

"Babe, minibasi inafera panjira, foni inatha moto, ndathamanga..."

Anaona laputopu ili chagada patebulo, kumbuyo kuli kotsegula. Ine ndinangotambasula dzanja. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa RAM yanga, ataikulunga bwinobwino ndi tishu.

"Ndimafuna ndifike m'mamawa ndikukonzere," anatero. "Uone kuti ndine wofunika... ukapita uzikandikumbuka."

"Kapena umafuna ndisapite?"

Anayang'ana pansi. "Sindikudziwa."

"Sukudziwa?! Nanga maulendo ena onse aja?"

"Ndinkangoisuntha RAM pang'ono. Ukatanganidwa umandiiwala. Koma laputopu ikafa umandiimbira, umandiitana Dokotala..."

Misozi inayamba kutsika. Yake, osati yanga! Ine ndinangoima ngati chitsa, osadziwa kuti ndimutukwane kapena ndimupatse tishu yomweyo apukutire. Asisi ndi omwe anatsegula chitseko.

"Achimwene, njira ndi iyi. Odwala achira."

Atapita ndinabwezera RAM ndekha, mmene anandiphunzitsira. Sikirini waa! Inayaka ngati palibe chachitika.

Mpaka lero sindikumvetsa. Minibasi inafadi? Munthu wokukonda angakuthyole mwendo kuti azikunyamula? Anzanga ena akuti chinali chikondi chopitirira muyezo, asisi akuti unali ufiti wamasana. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndinamupatsa chinthu chomwe ndimadyera, iye n'kuchisandutsa chingwe chondimangira.

Chichokereni iye, laputopu ija sinavutepo ngakhale kamodzi. Ikuyaka bwinobwino m'mawa uliwonse. Koma chondipweteka, anzanga, n'chakuti masiku ena ndikamadina batani lija, mtima wanga wopusawu umadikirabe kumva tii... tii... tii...