Dzina la bambo pachiliza

Ndinachoka ku Limbe mu 2012 chifukwa cha dzina. Ndine Esnart Pillay. Agogo aamuna anali Mmwenye wogwira ntchito kunjanji, amene anapatsa mimba mtsikana wa ku Chiradzulu, n'kusiya dzina lokha basi. Ndikapita kofunsira ntchito, ankayembekeza Mmwenye, ndiye n'kutulukira ine wakuda bii. Kuseka kwake! Amwenye nawo sankatidziwa. Ndinatopa nazo.

Bambo, a Yosefe, anali kalipentala. Pondiperekeza anangoti, "Mwanawe, dzinali usakalitaye kumeneko. Ndi chokhacho chimene anandisiyira."

Ku South Bend, ku America, ndinkasamalira nkhalamba. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, ndipo ukaweruka palibe wokufunsa kuti waswera bwanji. Ndinkalira m'basi, sindibisa. Mauthenga akumudzi anali a malume, alongo awo a agogo aakazi: feteleza, malata, fizi. Ndinkatumiza.

Nditasamukira ku Indianapolis, ndinalowa m'sitolo ina pa Lafayette Road kukagula nyemba. Mayi wogulitsa, Mmwenye wa Chitamilu, anayang'ana baji yanga yakuntchito n'kufunsa kumene ndinalitenga dzinalo. Ndinayamba kale kufufuma, ndimvekere zayambikanso. Koma iye anandifotokozera bwinobwino kuti kwawo, kumwera kwa India, a Pillai ndi ambirimbiri, ku Tamil Nadu ndi ku Kerala komwe. Kale linali dzina laulemu, ndipo m'Chitamilu limatanthauza mwana. Ena anapita nalo ku Durban, n'kumalilemba ngati mmene timalembera ifemu.

Ndinawaimbira bambo tsiku lomwelo. Nditawafotokozera, anati, "Ambirimbiri? Ine ndimayesa tilipo awiri, iwe ndi ine." Anaseka mpaka kutsokomola.

Anamwalira mu 2016. Mapepala anga okhalira ku America anali asanatuluke, ndiye maliro ndinaonera pafoni, nditakhala pansi m'bafa la kuntchito. Anawaika kwa amayi awo ku Chiradzulu. Ndinawauza malume kuti amange chiliza chabwino, zonse ndilipira ine.

Ndinafika kumudzi patatha zaka ziwiri. Anandilandira ndi nthungululu, masutikesi kulandirana. M'mawa mwake tinapita kumanda. Chiliza chinali chokongola, inde. Koma analembapo kuti YOSEFE PHIRI.

"Malume, a Phiri ake ati amenewa?"

"Aa, mdzukulu wanga, ndi mfunda wathu umenewo. Manda ano ndi a makolo. Dzina la Chimwenye likatani pano? Anthu angatiseke."

Munthu anasekedwa nalo dzinali moyo wake wonse osalitaya, inu n'kudikira afe kuti mumuvule? "Zaka zonsezi mumakatenga ndalama zochokera kwa Pillay," ndinatero, "bwanji simunachite nalo manyazi pamenepo?"

"Usatukwane kumanda, iwe."

"Mwatukwana ndinu!"

Azakhali ena ankandikoka chitenje kuti ndikhale chete. Ndinawasasa. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukatsegula bokosi la zida za bambo. Tchizulo ndi hamala zinali momwemo.

Nditabwerera ku Chiradzulu, mmisiri wam'mudzimo anakana kusintha dzinalo, ati akuopa malume. Ndinagwada ndekha pasimentipo, mudzi wonse uli chiimire kumbali, palibe ndi mmodzi yemwe wondigwirira ngakhale ambulera. Awa ndi anthu amene ndinkawalirira m'basi ku South Bend.

Zilembo zanga n'zokhotakhota, sindine mmisiri. Koma aliyense wodutsa pamenepo amawerenga kuti wagona apo ndi Yosefe Pillay.