Tsiku limene Arvo anamatula mazenera

M'tauni yathu ino, nyumba ya munthu wogwira usiku kumgodi siisowa. Mazenera akuchipinda amakhala omatidwa ndi pepala lonyezimira lija lokutira nyama mu uvuni, ndipo pabelu la pakhomo pamakhala tepi. Ana a m'nyumba zotere amaphunzira kunong'ona asanadziwe kuyankhula bwinobwino. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Arvo Niemela, tinakulira m'nyumba yotere, moti mpaka lero ndikatseka chitseko masana ndimachita ngati ndikuba.

Arvo anatsika mumgodi atangomaliza sukulu, ndipo sanagwirepo shifiti ina koma yausiku. Amayendetsa chimakina chotapa miyala pansi pamenepo, ntchito yoti ukangosinza pang'ono anzako amakakunyamula. Choncho tulo take palibe ankaseweretsa. Koma iye anachita kunyanya. Anzake amamata chipinda chimodzi, iye anamata nyumba yonse, kusiya kazenera kakukhitchini, nakonso kanali ndi katani yochindikala ngati bulangete. Ankakhala yekha, wodandaula panalibe.

Anakwatira ndevu zitayamba kuyera. Mlamu wanga Lorette anachokera kumwera, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, ndipo anabwera kuno kudzagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Mdima wa m'nyumbamo anaupirira chifukwa masana onse ankakhala kuntchito. Zinasintha mwana atabadwa. Aili, mwanayo, anafika chisanu chikuyamba, nthawi imene dzuwa lenilenilo limatuluka mochedwa ngati lachita kukakamizidwa, n'kubwerera anthu asanaweruke.

Mwanayo anali wabwinobwino, koma anatembenuza tsiku. Masana ankagona ngati chipika. Ukamuika kubere ankayamwa kawiri katatu n'kulitaya, mkaka uli chuchuchu patsaya. Atate wake akangonyamuka madzulo, maso tong'o, ndipo kuyambira pamenepo kunali kulira ndi kuyamwa kosatha mpaka kucha. Lorette ankalimbana naye yekha. Masana sakanabweza tulo, chifukwa kuchipatala anati sikelo ya mwana sikukwera bwino, azimudzutsa pafupipafupi kuti ayamwe. Ndiye ankamudzutsa monong'ona, mumdima, ndipo mwana akangoti ng'ee ankathamangira naye kubafa n'kutseka chitseko kuopa kudzutsa Arvo. Ndinamupezapo atakhala m'mphepete mwa bafa, akutsina kaphazi ka mwana mwaulemu ngati akupepesa.

Ine ndimakhala tsidya la msewu, moyang'anana nawo. Ndinkapita ndi supu wa nandolo ndi buledi wathu wotsekemera womwera khofi, n'kunyamulako mwana kuti mlamu asambe. Nzeru zina ndinalibe. Ana anga anakula kalekale, ndipo ndikunena zoona, sindikumbuka kuti ankagona bwanji.

Anesi oyendera makanda m'makomo anabwera tsiku lina masana. Anali mtsikana wachilendo kuno, wochokera kumzinda. Atalowa anapunthwa pa majombo a Arvo, n'kufunsa ngati magetsi azima. Atamva nkhani yonse anati, "Mayi, mwanayu angadziwe bwanji kuti kunja kwacha? Masana muzimuonetsa kuwala, wailesi izilira, mbale zizigundana, muzimuyankhula akamayamwa. Usiku ndiye mdima ndi chete. Mazenerawa mutsekule."

Anayankhula ndi mawu a masana, ndipo ine ndi Lorette tonse tinaika chala pakamwa. Atachoka ndinaseka. Nkhaniyi inafika mpaka kusitolo, amayi akuseka kuti kwabwera anesi ofuna kumatula mazenera a anthu ausiku, mawa adzatiuza kuti tizipalasa chipale chofewa ndi supuni. Tonse tinakula mumdima womwewo, tinatero, nanga tinafa? Lorette anamuuzako Arvo pachakudya chamadzulo. Iye anangoti, "Adzazolowera," n'kutenga chibokosi chake cha kamba.

Mwana sanazolowere. Lorette anayamba kuiwala zinthu. Anaika ketulo mufiriji, tsiku lina anaima pakhomo panga ndi masokosi okha, chipale chili m'maondo, osakumbuka chimene wadzera. Ndinkamumvera chisoni, komanso ndinkachita mantha, chifukwa nkhope imeneyo ndinaionapo. Mayi athu anali nayo chaka chimene anati akupita kwa amayi awo kumwera mpaka chisanu chithe. Arvo anali asanayambe sukulu. Chisanu chinatha, china chinabwera, iwo osabwerera. Kuno si ife tokha. Mkazi akanena kuti akukapuma kwawo mpaka kutenthe, aliyense amadziwa kumene nkhani ikulowera, ngakhale mwini wakeyo atanena ndi mtima woona.

M'mawa wina nditapita kwawo ndinapeza sutikesi pafupi ndi chitseko, pamwamba pake pali phukusi la matewera. Lorette anali pampando, mwana ali m'tulo pamiyendo. Tisanayankhulane, Arvo analowa kuchokera kuntchito, ndevu zili mbuu ndi chisanu. Anaiona sutikesiyo ndipo sanavule n'chipewa chomwe.

"Ulendo wa kuti?" anafunsa monong'ona, poti m'nyumbamo ngakhale mkangano unali wonong'ona.

"Kwa amayi. Mpaka kutenthe basi," anatero Lorette. "Musandiyang'ane choncho, bambo a Aili. Sindikukuthawani. Ndatopa. Dzulo ndinagona chiimire mwana ali m'manja, ndinadzidzimuka akutsetsereka."

"Achemwali angamabwere kudzagona kuno."

"Alamu abwera kangati? Vuto si manja. M'nyumba muno simucha. Inu mumachoka kumdima wa kuntchito n'kubwera kumdima wa kwanu, zili bwino. Ine ndi mwanayu tinalakwa chiyani?"

Arvo anatembenukira kwa ine ngati ndimuthandiza. Ndinati, "Usandiyang'ane ine, iwe. Unkalira mwana, wabwera. Walira mvula walira matope."

Analowa kuchipinda majombo ali kuphazi, n'kutseka chitseko. Ndinaganiza kuti wapita kukagona, ndipo ndinali nditayamba kale kumukonzera mawu. Kenako tinamva kung'ambika. Tepi yomatira mapepala aja pamazenera inali itakhala zaka, inkamatuka pamodzi ndi penti. Anamaliza kuchipinda, n'kubwera pabalaza, zenera ndi zenera, osayang'ana munthu. Kuwala kwa chipale kunalowa mwamphamvu mpaka tonse tinatsinzina. Fumbi linaoneka pamalo amene Lorette ankalumbira kuti amapukuta, ndipo pazenera lililonse panali ntchentche zouma za zaka zammbuyo. Aili anakwinya kankhope, anayetsemula, n'kulira kulira kwenikweni, dzuwa lili pamutu pake. Lorette anadzuka kuti athamangire kubafa.

"Msiyeni alire pompano," anatero Arvo, ndi mawu athunthu. Ndinali ndisanamumvepo akuyankhula choncho m'nyumba imeneyo.

Mwanayo anayamwa bere lonse, n'kufuna linalo.

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Panapita masabata. Lorette ankamugoneka masana pabalaza, wailesi ikulira, makina ochapira akugunda. Madzulo ankamusambitsa, kumuyamwitsa pakanyale kofooka, ndipo akadzuka usiku ankamusintha thewera n'kumupatsa bere osamuyankhula. Masiku ena zinkayenda, ena zinkabwerera pakale. Anesi aja atabweranso sanatinyogodole, anangomuika mwana pasikelo n'kumwetulira. Amayi akusitolo anasintha nyimbo, ati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ngati si iwo omwe ankaseka. Sutikesi inachoka pakhomo n'kupita kuseri kwa sofa, koma sinamasulidwe, ndipo Arvo ankaiona tsiku lililonse.

Amene anavutika tsopano ndi iyeyo. Anayesa kugona ataphimba kumaso ndi chipewa, anayesa thonje m'makutu, koma thupi lozolowera mdima kuyambira ubwana silimva zimenezo. Maso anafiira, masaya analowa. Tsiku lina anasinza chiimire m'chikepe chotsikira pansi, ndipo kapitawo anamubweza kunyumba kuti asakaphe anthu. Anzake sanamusiye. "Niemela, tamva kuti kwanu kwabwera bwana watsopano wokwana m'chipewa," ankatero. "Mawa akutuma ukagule makatani a maluwa."

Mawa lake anagogoda kwa ine, pilo ali m'khwapa. "Achemwali, chipinda chanu chapansi chija chikadali ndi bedi?"

Chili nalo, lachitsulo, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba, ndipo kulibe zenera. Kuyambira pamenepo, akaweruka ankayamba kwawo, kunyamula Aili kwinaku Lorette akumwa khofi, kenako n'kuwoloka msewu kudzagona kwa ine ngati mlendo. Koma ngakhale mumdimamo tulo sitinkabwera bwino. Ndinkamumva akutembenuka, bedi likulira. Galimoto ikalira mumsewu ankakwera masitepe, kusuzumira pazenera langa kuona ngati ya Lorette ikadali pamalo pake, n'kutsikanso. Ndinatopa naye, ndipo ndinamuuza. Anangoti akudzamwa madzi.

Chipale chitayamba kusungunuka m'mphepete mwa madenga, Aili anali akugona chigawo chachikulu cha usiku, n'kudzuka kuyamwa n'kugonanso. Masaya anatuluka. M'mawa wina Arvo asanaweruke, Lorette anawoloka msewu, mwana kudzanja lina, sutikesi kudzanja lina.

"Alamu, ichi chikutidyera malo," anatero. "Mungatisungire kwanu?"

Ndinakaiika pansi paja, pambali pa bedi. Sindinamuuze Arvo kanthu. Atafika ndinamutsatira mpaka pakati pa masitepe, dengu la zochapa lili m'manja kuti ndioneke ngati ndili ndi chochita. Anayatsa getsi, n'kuiona sutikesiyo. Kenako anawerama n'kuinyamula ndi mphamvu zonyamulira katundu wolemera, ndipo inakwera mpaka pachifuwa chifukwa munalibe kanthu. Anaigwedeza pang'ono kuti atsimikize. Anaiika pansi bwinobwino, n'kukhala pabedi kuti amasule zingwe za majombo.

Anamasula jombo imodzi yokha. Inayo ndinakamuvula ndine masana, iye ali m'tulo tofa nato, osamva n'komwe.