Amayi Atagawa Mapoto Awo

Ndikakumbukira a Mariamu, amene tinayandikana nawo nyumba ku komboni ya George, ndimamva fungo la vitumbuwa m'mafuta otentha, utsi wa mbaula ndi phokoso la zigubu pamzere wa madzi. Anali mayi wachisilamu wochokera ku Malawi, wosachulutsa mawu, ndipo anthu ankanong'ona kuti pautsikana wawo anakhalapo m'ndende.

Ndili mwana wa sukulu, amayi anga anamangidwa chifukwa chowathira atate madzi owira, atapirira nkhonya zawo kuyambira ine ndisanabadwe. Kukhoti sanalire, choncho achibale anati ndi munthu wouma mtima, ndipo palibe amene anapita kukawaona. Kenaka kunabwera uthenga wochokera kundende: mapoto apite kwa amayi aakulu, makina osokera kwa amayi aang'ono, ine andilere amalume. Achibale, amene sindiwaweruza lero, anasangalala kuti walapa.

Nditawafotokozera zimenezi, a Mariamu anaphula mafuta pamoto. "Walapa? Munthu wogawa mapoto ali moyo akutsanzika. Akufuna kudzipha ameneyo."

Lamulungu anandimasula tsitsi, kulisiya nyankhalala, nakwera nane minibasi kupita kundende. Ndinachita manyazi njira yonse.

Amayi anabwera ataonda, maso ali pansi, akuyankha moni ngati mlendo. Atandiyang'ana kumutu, nkhope yawo inasintha.

"Ba Mariamu, mwana wanga ayenda so mu tauni? Monga alibe amai?"

"Nanga ali nawo? Ndamva mwagawa zonse. Manja angawa ndi a vitumbuwa, sindiluka mwana wa mwini."

Amayi anakalipa mpaka msilikali wamkazi anayandikira. A Mariamu anamuuza poyera zimene ankaopa, napempha kuti amayi asamasiyidwe okha. Msilikaliyo anamvetsera, kenaka analola kuti amayi andiluke pabenchi pomwepo. Anandikoka tsitsi mwaukali, misozi yawo ikugwera pakhosi panga, ndipo nthawi ya alendo inatha mutu uli theka.

"Mubwerenso naye pa Sondo yamawa," anatero amayi. "Osapatsa wina, azaononga."

Amayi anatuluka m'ndende ali moyo, ndipo anadzanyamula ana anga. Lero ndakalamba, mawondo akukana, koma ndimapitabe ndi amayi a mpingo kukaona akaidi aakazi. Wina akayamba kundigawira zinthu zake, sindilandira. Ndimakhala naye pansi, ndimamufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, ndipo sindituluka pachipata ndisanauze woyang'anira.